Mwala Wosowa Manda Ake

Iwe Mwansa, tsika pamwalapo. Tsika, ndati! Kodi pamipando pamera minga? Chiyambire sabata yatha ndikungokuona ukukwerapo ngati mbuzi, lero mpaka wadyerapo mango. Bwera ukhale apa pamkeka. Enanunso senderani kuno. Magetsi apita, tivi yanu yafa, ndiye lero mumvera ine, mufune musafune. Tamara, iwe nkhaniyi ukuidziwa theka, theka linalo ulimva lero. Foniyo ika m'thumba, siuluka.

Mwala umenewo bambo anu anaugoneka chafufumimba pa mabuloko awiri kuti uzioneka ngati benchi. Mukafunsa amangokuyankhani kuti ni vinthu va ambuya, musiyeni. Si benchi ayi. Ndi mwala wa pamanda. Ee, tong'olani maso, koma pakamwapo mutseke. Anthu a m'komboni muno mwa George akamva kuti nkhalamba ya kwa a Mavuto ikusunga mwala wa kumanda kuseri kwa nyumba, mawa lomwe ndidzuka ndili mfiti. Ndikukuuzani chifukwa mawondo anga atha, mpweya ukuchepa, ndipo mwalawu ulibe kopita. Ndikafa osanena, mudzaupatsa womanga nyumba aike pakhomo la chimbudzi.

Kuti mumvetse, ndiyambire kutali pang'ono. Bambo anga anachokera ku Ntcheu, ku Malawi uko kumene inu mumangokuona pamapu. Anayenda wapansi mpaka ku Chipata, chimanga chokazinga m'thumba, kenako anakwera pamwamba pa lole ya fodya. Ankapita kumigodi, koma atafika mu Lusaka mwendo unatupa, anzawo anawasiya. Mwendo unapola, iwo osapitiriza ulendo, osabwereranso kwawo. Ine ndinabadwira ku Kanyama, m'nyumba ya zidina, denga la malata odula kumigolo, pamwamba tatsindikapo miyala kuti mphepo isatenge. N'chifukwa chake ndimati zinthu pamene inu mukuti vinthu, ndipo mumandiseka. Sekani, lilime limeneli ndi lokhalo limene bambo anga anandisiyira.

Sukulu ndinapitako zaka ziwiri zokha. Ife tinalibe mabuku ngati anu onyamula m'chikwama mpaka msana kupindika. Tinali ndi sileti, kathabwa kakuda kolembapo, ukalakwitsa umalavulirapo mate n'kufufuta ndi chigongono. Aphunzitsi athu anali bambo wina wamtali, wa ndevu zosongoka, dzina ndaliiwala dala. Ukalephera samu ankatenga choko n'kujambula chiziro chachikulu chodzaza sileti yonse. Akatero amati: "Tenga dzira lako ukakazinge kwanu. Ziro ndiye kuti palibe kanthu. M'mutu mwakomo palibe kanthu." Ndiye amakusenzetsa siletiyo pamutu, uzungulire kalasi yonse anzako akulira ngati nkhuku yoikira. Ine ndinazungulira katatu. Kachitatuko ndinatulukira pakhomo ndi sileti pamutu, osabwereranso. Mayi anga sanadandaule, kunyumba kunali ana oti ndilere.

Ndiye zimene ndinatenga kusukulu ndi zimenezo: kuwerenga wani mpaka naini, ndi kudana ndi ziro.

Amwenye ndinkawadziwa a ku Kamwala okha. Mayi ankanditenga kukagula chitenje pa Khirisimasi, mwenye n'kuyeza nsalu pa kandodo kokhomera pathebulo, n'kuing'amba kuti kwee, n'kulemba tizinthu pa pepala lofiirira. Ine ndinkaganiza kuti manambala ndi a azungu, ngati sitima ndi shuga, amwenyewo anangobwereka monga ife. Akanandiuza munthu nthawi imeneyo kuti manambalawo anachokera kwa makolo a mwenye yemweyo, ndikanati waledzera.

Ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna a Jailosi, amene ankayenda ndi malole, kukweza ndi kutsitsa katundu. Inu simunawaone, ndipo bambo anunso sawakumbuka. Kodi munayamba mwafunsapo chifukwa chake bambo anu dzina lawo ndi Mavuto? Simufunsa inu, mumangofunsa kuti ndiwo n'chiyani. Bambo anu si woyamba kubadwa. Woyamba anali mtsikana, Zione.

Zione anali ndi zaka zitatu. Anali wakuda bii, wa mpata kumano ngati iwe Mwansa, mwinanso n'chifukwa chake ndimakukalipira kwambiri. Ankavala nsapato za bambo ake n'kumakwekwereza pabwalo ponse. Chakudya chake chinali buledi woviika mu zigolo. Zigolo simukuzidziwa, ana a majuwisi inu: madzi ozizira osungunuliramo shuga, basi. Akamaliza ankapendeketsa kapu n'kunyambita shuga wotsalira pansi, mphuno yonse kulowa m'kapu.

Chikuku chinalowa mu Kanyama ine ndili ndi pakati pa bambo anu, mwezi wotsiriza. Zione anayamba kutentha thupi Lachiwiri, Lachinayi ine matenda anga anayamba. Mwana anakhala mopingasa, anandithamangitsira kuchipatala chachikulu m'tauni, anandichita opaleshoni. Zione ndinamusiya m'manja mwa mnansi wanga, mayi wina wa Chibemba, bana Mulenga. Ndikutuluka pakhomo Zione anandigwira chitenje, ine ndinachotsa kadzanja kake ndi kunena kuti ndibwera mawa.

Ndinagona m'chipatala milungu iwiri. Bana Mulenga ankabwera ndi phala m'kambale, ndikafunsa amati: "Zione ali che bwino, asewera. Imwe dyani, mupeze mphamvu." A Jailosi akabwera ankangoyang'ana khanda, osandiyang'ana ine kumaso. Mwambo wake unali umenewo, mayi wa bala laliwisi samuuza za maliro, amati mkaka ungaume kapena bala lingaphulike. Zione anamwalira tsiku lachitatu ine ndili m'chipatala. Anamuika m'manda ine ndikumwa phala n'kumaseka ndi anamwino.

Tsiku lotuluka ndinapeza amayi a mvano akhala m'nyumba mwanga, duu. Kamphasa ka Zione kali kopinda, kaimikidwa pakona. Pomwepo ndinadziwa. Zimene ndinachita tsiku limenelo sindingakuuzeni zonse, koma ndinatukwana anthu akuluakulu, ndinataya ndiwo zimene anabweretsa, ndinauza bana Mulenga kuti phala lawo linali la mfiti. Mayi amene anasambitsa mwana wanga, kumufunditsa chitenje chake chatsopano, ine kumunena mfiti! Mtima wanga ndi umenewu, ana inu, mumaudziwa. Sunayambe lero.

Patapita masiku a Jailosi anandipatsa kapepala ka kumanda, kokhala ndi chidindo. Anati nambala ya manda ili pamenepo, kumanda kuja amazika kachitsulo kolembapo nambala kumutu kwa manda alionse. Ndinalibe wina wondiwerengera, ndiye ndinaitana bana Mulenga omwewo, ndinawapatsa pepala osawapatsa moni. Anawerenga manambala anayi, limodzilimodzi. Pakati pa anayiwo ndinamva liwu lakuti ziro.

Ndinaona sileti ija, ndinamva nkhuku zija zikulira. Ndinati mumtima: mwana wanga amuika ine kulibe, ndiye amulembenso dzira? Palibe kanthu, Zione? Ayi. Ngati ziro ndi chabe, ndiye kuichotsa sikuchotsa kanthu. Ndinasunga atatu otsalawo, wani, folo, seveni. Ndinawasokerera ndi ulusi wofiira m'mphepete mwa chitenje changa cha mvano, mmene ndinkawakumbukira pasileti. Safunsa anadya phula. Ine sindinafunse chifukwa amene ndikanawafunsa ndinali nditawatukwana.

A Jailosi imfa ija inawathyola. Anayamba kachasu, dzina la Zione osafuna kulimva. Ndikati tiyeni mukandionetse, amati bala lako lisanapole sungayende mtunda umenewo. Bala litapola, iwo anakwera lole ya ku Ndola, ulendo wake womwewo. Tinadzamva patapita zaka kuti anamwalirira komweko. Dzinja la chaka chimenecho madzi analowa m'nyumba monga amachitira ku Kanyama, koma ulendo uno anafika m'chiuno, khoma limodzi linagwa. Kapepala kaja kanali m'Baibulo, m'sutikesi ya pansi pa bedi. Madzi ataphwa ndinapeza Baibulo lasanduka phala. Sindinade nkhawa, nambala inali pachitenje. Ndinabereka Mavuto n'kusamukira kuno ku George kwa achimwene anga, bana Mulenga osawatsanzika.

Kumanda ndinapita ndekha, mvula itatha, chaka chitakwana. Ndinapeza wokumba manda wina akudya mbatata pansi pa mtengo, ndinamuonetsa chitenje. Ananditengera kumbali ya ana, anapalasa udzu ndi phazi, kachitsulo kanaoneka: wani, folo, seveni. Mtumbira unali utatitimira kwambiri, kachitsulo kali ndi dzimbiri. Ndinati: "Bwanji akuoneka akale chonchi?" Iye anati: "Ni mvula, amai. Manda ya bana siyachedwa kugwa." Ndinagwada pomwepo, ndinalira maliro amene anandimana.

Moyo wanga wonse wapakati unali wa miyala, mukudziwa manja angawa mmene alili. Tinkaphwanya miyala m'mphepete mwa msewu wopita ku Lilanda. Amuna ankawotcha matayala pathanthwe kuti ling'ambike, ife amayi n'kumaswa zibulumazo ndi nyundo, mwala uli m'kati mwa kamkombero ka waya kuti usathawe. Dzuwa pamutu, fumbi m'chifuwa, mwana kumsana. Masiku ano kuli zimakina, zimatafuna phiri lonse tsiku limodzi, koma miyala yake ndi yosasankha. Ine ndinkasankha. Tsiku lililonse ndikaona timiyala toyererako, tolimba, ndinkatiswa ting'onoting'ono ngati chimanga n'kuika dzanja limodzi m'chitini cha padera. Zitini zitadzaza, mmisiri wina wa kutchalitchi kwathu anandiumbira mwala uwu ndi simenti, n'kulemba dzina ndi msomali simenti isanaume. Ndinaukankha ndekha pa wilibala kuchokera kuno mpaka kumanda, kunyamuka m'mawa, kufika dzuwa lili paliwombo. Anthu m'njira ankandifunsa ngati ndikugulitsa.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mvula ikatha ndinkapita ndi khasu. Ndinkalambula, n'kukhala pansi, n'kumuuza Zione nkhani. Ndinamuuza za mlongo wake atayamba sukulu, atakwatira mtsikana wa Chibemba, ndinamuuza za kubadwa kwa aliyense wa inu. Ndinkanyamula kabuledi, ndikudziwa kuti abusa sakanakondwera nazo, koma ndinkanyamula. Zaka zoposa makumi anayi ndinkachita zimenezo.

Ndikuona Tamara akufuna kufunsa zimene anandifunsa kale: zaka zonsezo, ambuya, ndalama munkagwira, ziro simunkaiona? Ndinkaiona, mwanawe, monga ndimaonera mabowo a mabatani. Ndalama ndinkaidziwa ndi mtundu wake ndi chithunzi. Nambala ya nyumba ino ilibe ziro. Foni mumandidinira ndinu. Ndipo ya pakapepala ija ndinali nditaikwirira pansi penipeni, moti ndikanalumbira pamaso pa abusa kuti manambala anali atatu chiyambire.

Ndiye chaka chatha, nthawi yozizira, Tamara uyu anakhala pakhonde pomwe pano masana, akuloweza za kusukulu mokweza ngati wolalikira m'basi. Ine ndikusankha nyemba. Ndinamva akuti India, India, ndinati kodi tsopano akukuphunzitsani kugulitsa nsalu? Anaseka, anati: "Iyayi ambuya, ni masamu. Manambala yamene tilemba aya yanachokera ku India, kalekale maningi."

Ndinamutsutsa. Ndinati manambala ndi a azungu. Iye anati ayi, azungu anawatenga kwa Aluya, Aluya anawatenga kwa amwenye, zaka zoposa chikwi zapitazo. Anati anthu akale a kumeneko, oyang'ana nyenyezi ndi kuwerengera miyezi, ankawerengera pathabwa lowazapo fumbi, kulemba ndi chala n'kufufuta. Pamenepo ndinatchera khutu, chifukwa zinafanana ndi sileti yanga. Anati mitundu ina inkavutika, nambala ikakula ankafuna zizindikiro zatsopano, koma amwenyewo anaona kuti zizindikiro zisanu ndi zinayi zikukwana kulemba nambala iliyonse, ngakhale ya mchenga wa m'nyanja, bola chilichonse chikhale pamalo pake. Kenako anati: "Koma chamene anapambana nacho ni ziro."

Ndinalavula. Ndinati chinthu chopanda pake chimenecho, munthu wanzeru angatayire nthawi pa dzira? Tamara anati iwo ankaitcha shunya, kutanthauza malo opanda kanthu, ndipo poyamba ankangodontheza kadontho. Anati anailembera ndi malamulo ake, kuti nambala ukaichotsera iyo yomwe chotsala ndi ziro, ukaiwonjezera ziro ikhala mmene inalili. Ndinati ndi zomwezo, n'chabe. Iye anati: "Ni chabe ikakhala yeka. Manje ikakhala pakati pa anzake isunga malo. Lekani nikuonetseni. Nipatseni nambala iliyonse."

Nambala imene ndili nayo ine m'mutu ndi imodzi. Ndinati wani, folo, seveni.

Anatola timiyala pabwalo pano, anajambula mizere pansi ndi kamtengo. Mzere woyamba anaika kamwala kamodzi, wachiwiri tinayi, wachitatu tisanu ndi tiwiri. Anati imeneyo ndi handiredi ndi fote seveni. Kenako anajambula mzere wina pakati, anasendeza timiyala, mzere umenewo anausiya wopanda kanthu. Anati: "Onani manje. Miyala ni yamene ija, sininaikepo, sininachosepo. Koma iyi ni sauzande na fote seveni. Nikasendeza malo yopanda kanthu apa, ni sauzande folo handiredi na seveni. Nikaika kumapeto, ni inanso. Mukafufuta mizere, muzaziba bwanji kuti apa panali malo? Ndiye chifukwa anaikapo kadontho, kuti malo yasasobe."

Ana inu, ndinamva mawu a bana Mulenga ngati aima kumbuyo kwanga. Manambala anayi, limodzilimodzi. Lichero linagwa, nyemba mbwee pabwalo ponse. Tamara anayesa ndakomoka, anathamangira madzi. Ine ndinkangoyang'ana mzere wopanda kanthu uja. Ndinayesa kukumbuka kuti ziro inali pati, pambuyo pa wani, pambuyo pa folo, kapena kumapeto. Mpaka lero ndimayesa, m'mutu mumangoti zii.

Ndinakhala masiku atatu osauza munthu. Tsiku lachinayi ndinauza bambo anu, ndipo Loweruka tinakwera minibasi atatu, ine, iwo ndi Tamara. Ku kaofesi ka kumanda tinapeza kalaliki wachinyamata, waulemu ndithu. Anatulutsa mabuku akale, zikuto zitathetheka. Bambo anu anamuuza chaka chimene anabadwa, chifukwa ndicho chaka cha maliro. Buku la chaka chimenecho linalipo theka, masamba a miyezi imene tinkafuna chiswe chinadya kalekale. Ndinati nanga wani folo seveni? Anatsegula buku lina, lakale kuposa lija, anayendetsa chala. Anawerenga dzina la mwana wamwamuna, wa miyezi isanu ndi itatu. Anamwalira ine ndisanakwatiwe n'komwe.

Tinatuluka ndi wokumba manda wina wachikulire kuti tikafune malo atatu aja. Tizitsulo tambiri kulibe, anazula anyamata ogulitsa zitsulo zakutha. Bamboyo ankawerenga mizere ndi mapazi. Pa sauzande ndi fote seveni tinapeza mwala wa eni ake, dzina lina, pamenepo panatuluka m'nkhani. Malo awiri enawo ali kumunsi, kumene mitumbira inafafanizika yonse, anthu anadutsitsapo njira yachidule, pambali wina anadzalapo chimanga. Wokumba manda uja anaima, anatambasula dzanja, anati: "Ni pamene apa so, kapena apo. Kunama siningakwanise, amai." Ndinaima panjirapo, njinga zikundilizira belu kuti ndipatuke. Mwana wanga ali penapake pansi pa njira imeneyo, ndipo chimufikire kumeneko sanamvepo mawu anga.

Pobwerera tinadzera pa mwala uja. Bambo anu anati: "Amama, usiyeni che pamene apa. Ndani azaziba? Mulungu aziba kwamene alili." Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinaganiza za mayi wa kamnyamata kaja. Mwina anali kutali monga ndinalili ine. Mwina anabwera chaka china ndi khasu lake, nambala yake ili bwinobwino pamtima, n'kupeza pamanda a mwana wake pali mwala wolembedwa Zione, polambulidwa, pali ndi nyenyeswa za buledi. Anatani mayi ameneyo? Anayesa wasokera, anazungulirazungulira, n'kubwerera kwawo akudzitukwana kuti waiwala pamene anaika mwana. Ine sindinangotaya manda a mwana wanga, ndinalandanso a mwana wa mnzanga. Chimenechi ndicho chimandidya kuposa zonse.

Ndinati mwalawo uchoke. Bambo anu anakangana nane mpaka anthu kuima, koma mukuwadziwa, amakangana kenako amachita. Anabwereka kagalimoto ka mnzawo, anaubweretsa kuno atakutira masaka. Pamanda paja tinazikapo kachitsulo katsopano ka dzina la mwini wake. Ndimapitabe kukalambula ndikapeza mphamvu, nanga nditani, mwana ameneyo wamva nkhani zanga zonse, amakudziwani ndi maina omwe. Ndikachoka apo ndimatsikira kunjira kuja, ndimaima pang'ono apa, pang'ono apo, osadziwa koyang'ana.

Bana Mulenga ndinawafunafuna ku Kanyama. Pamene panali nyumba zathu pali sitolo ya matayala, ndipo mayi wina wogulitsa makala anandiuza kuti anamwalira kalekale kwawo ku Kasama. Mwina iwo akanakumbuka pamene panali ziro, anali ndi mutu wabwino. Ngakhale akanaiwala, ndikanawapepesa za phala lija. Madzi akatayika saoleka.

Mwezi watha ndinapita ku Kamwala ndi amayi anu kukagula ulusi. M'sitolo munali mnyamata wachimwenye, mdzukulu kapena mdzukulutuvi wa aja ankang'amba nsalu. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinamufunsa kuti kodi n'zoona makolo anu ndi amene anayambitsa ziro? Anadabwa, anaseka, anati: "Ni zoona, ambuya. Mwaziba bwanji?" Ndinati ndadziwa mochedwa. Amayi anu anandikoka dzanja, amvekere mukutichititsa manyazi.

Amwenye akalewo ndilibe nawo mlandu. Ndimaganiza za munthu ameneyo, kaya anali ndani, atakhala ndi thabwa lake la fumbi, n'kuona kuti pamene palibe kanthu pafunika kuikapo chizindikiro, apo ayi anthu adzasokera. Nzeru imeneyo inawoloka nyanja, inadutsa m'manja mwa mitundu ingapo, inafika mpaka ku Kanyama, m'kalasi ya udzu. Itafika kwa ine inasanduka chikwapu. Aphunzitsi aja akanangotola timiyala ngati Tamara, kanthawi kochepa chabe, bwenzi ndikudziwa pamene pagona mwana wanga. Ndimawakwiyirabe, ngakhale anaola kale. Koma wochotsa ziro ndi ine, ndi mkwiyo wanga, palibe anandigwira dzanja.

Tsopano mverani chimene ndakuitanirani, ndipo mukauze bambo anu kuti ndanena pamaso panu nonse, asadzati nkhalamba inkalota. Ndikadzafa musadzandigulire mwala wonyezimira wa m'mashopu. Mudzatenge womwewu. Pansi pa dzina pali malo, mmisiri uja anasiya danga lalikulu chifukwa dzinalo ndi lalifupi. Pamenepo mudzalembe langa. Mafupa ake sindinawapeze, koma dzina lake lidzagona pamodzi ndi ine, ndipo wobwera kudzalambula kwa ine adzalambulira tonse awiri. Kapepala ka nambala mudzakopere m'mabuku atatu, aliyense lake, ndi m'mafoni mwanumo. Mudzalembe yonse mmene ilili, ngakhale itakhala ndi maziro okhaokha.

Dzukani tsopano. Tamara gwira uko, enanu gwirani mbali iyi, samalani zala, ndi wolemera. Tembenuzani pang'onopang'ono, musaukhulitse pabuloko. Eya, choncho. Mwansa, tenga chitenje changachi upukute fumbi ndi madzi a mango akowo. Usaope, si chinthu choopsa, wakhala ukuukhalira sabata yonse.

Werenga mokweza, ine maso anafooka. Amenewo ndi azakhali ako.